Tsiku Limene a Zakeyu Analamula Apongozi Awo

Kuno ku Makause, ku Joni, mukamafunsa a Zakeyu Kamphinda palibe angakulozereni. Nenani kuti a Komanda, ngakhale Mzulu wa pa kaokala kamene kuno timati spaza akuuzani kuti tsikani ndi kanjira ka pampopi, mukaona mkhukhu wa chitseko chobiriwira mwafika. Ine ndine Sabina, ndimakazinga magwinya, mandasi a kuno, pakona pomwepo, ndipo munthu ameneyu ndakhala naye moyandikana zaka zambiri. Khoma lathu ndi lata limodzi, akatsokomola ndimamva. Ndiye amene amayenda n'kumati a Zakeyu ndi ouma mtima, anataya mwana wawo chifukwa cha wezulo, abwere adzanenere pa chiwaya changa pano. Inenso ndinawakalipira, sindikana, koma ine ndinalipo kuyambira pachiyambi.

Anachokera ku Kapiri, ku Mchinji, ali mnyamata wowonda wa kajekete kamodzi. Ntchito yawo yoyamba inali ya m'maluwa kwa mayi wina wachizungu ku Primrose. Munthu wofatsa ngati ameneyu ine sindinamuonepo. Mukawaponda phazi mu tekisi, opepesa anali iwo. Akafuna gwinya limodzi ankayamba kufunsa za ana anga, za kumudzi, za mvula, mpaka ndinkachita kuwadula kuti abambo inu, mukufuna angati, mafuta akupsa awa.

Mayi uja atasamukira ku Cape Town, mnzawo wina anawatengera ku sukulu ya ulonda ku Germiston. Kumeneko ankawafoletsa pa dzuwa ngati asilikali, ndipo aliyense ankapatsidwa nthawi yake yoima kutsogolo n'kulamula anzake. Itafika nthawi ya a Zakeyu, akuti anapinda manja kumbuyo n'kuwapempha anzawowo m'Chingelezi chawo chochepacho kuti ngati n'kotheka aimeko mowongoka. Mzere wonse unafa nacho chiseko. Mphunzitsi wawo, Msuthu wa chimimba, anawayandikira mpaka mphuno kugundana n'kuwauza kuti komandi si pempho. Imakhala yaifupi, ilibe chonde, ndipo amene waitulutsa ndiye amasenza zonse zimene zichitike pambuyo pake. A Zakeyu anadzandifotokozera zimenezi akuseka. Mayeso anakhoza, yunifolomu anavala, anayamba kulondera pa geti ya nyumba yosungira katundu, koma mkati anali yemwe uja wa ku Kapiri.

Chinawasintha ndi moto. Amene simunakhalepo m'mikhukhu mudziwe kuti nyumba zathu ndi malata, matabwa ndi mapulasitiki, zogundana msana ndi msana. Sitovu ya parafini ikagubuduzika kwa munthu mmodzi, nonse mwapsa. Galimoto yozimitsa moto imabwera ndithu, koma imathera kumsewu chifukwa tinjira tathu ngakhale wilibala imadutsa mopendekeka. Chaka chimenecho pamzere wathu pankakhala Che Osman, telala wachikulire wa ku Mangochi. Moto uli pafupi, a Zakeyu anathamangira pakhomo pawo, n'kuomba m'manja monga tinaleredwera.

"Odi, Che Osman. Motowu ukubwera kuno, mukanatulukako kaye."

"Ndikubwera mwanawe, ndingomasula mutu wa makinawa."

A Zakeyu anadikira. Munthu wamkulu wanena kuti akubwera, ungamukoke bwanji? Anaitananso kachiwiri, mwaulemu momwemo. Kachitatu sanaitane chifukwa denga linali litagwa. Thupi la Che Osman tinalipeza litakumbatira makinawo.

Maliro atatha, a Zakeyu anayenda khomo ndi khomo kuitana anthu ku msonkhano: Amalawi, Azulu, Mashangani, onse. Ndinadabwa kumva mawu awo akufika kumbuyo kwa gulu. Anati madzi a m'mabigiri sangaugonjetse moto wa m'mikhukhu. Njira ndi imodzi, yomwe timachita kumudzi polambula m'mbali mwa munda kuti moto wolusa usalowe: kugwetsa mzere wa nyumba kutsogolo kwake kuti ukafika upeze palibe chodya. Koma ndani angavomere kuti yake ndiyo igwe? Aliyense amati yambani ya mnzangayo. Choncho anagwirizana kuti moto ukabuka pazilankhula munthu mmodzi yekha, wa wezulo pakhosi, ndipo milandu yonse izibwera moto utazima. Atafunsa kuti wezuloyo atenge ndani, anthu onse anayang'ana pansi. A Zakeyu anautola.

Anasonkhanitsa anyamata, anapempha migolo yakale kuntchito kwawo, anasulitsa ngowe zachitsulo zomangirira ku zingwe. Kuntchitoko nakonso anawakweza kukhala komanda wa alonda a usiku, ndipo dzina lija linawamatirira. Ine liwu limeneli ndinkaliyesa la asilikali okha, koma kwa a Zakeyu linali ponseponse. Galu wa kuntchito kwawo ali ndi makomandi ake, wailesi ya m'manja ija imatulutsa makomandi, iwonso ali ndi wamkulu amene amawapatsa komandi. Tsiku lina ndinawaseka kuti bwanji osangoti kulamula, Chichewa chakucheperani? Anandiyankha kuti kulamula kwa kwathu munthu amabadwa nako kapena amakula nako, ndi kwa mafumu ndi eni mbumba, ndipo sakuvula. Komandi ndi yobwereka. Akavula yunifolomu kapena wezulo, iwo ndi Zakeyu basi, woti Sabina angathe kumutuma makala.

Yobwereka kapena ayi, imaluma. Pa moto wachiwiri mzere umene anauloza unali ndi mkhukhu wanga. Ndinawagwira malaya, ndinawatchula mayina amene sindingawabwereze pano chifukwa ndimaimba kwaya. Sanandiyang'ane n'komwe. Anangoti "Gwetsani," anyamata n'kukoka. Ndinakhala mwezi osawapatsa moni, ngakhale ankabwera madzulo aliwonse ndi hamala kudzandikhomera malata, ngakhalenso ndinkaona ndi maso anga kuti moto unathera pa bwinja langalo. Mtima wa munthu sumva masamu.

Mkazi wawo Edna anakumana naye ku tchalitchi. Ndi mkazi wa ku Linthipe, ku Dedza, amagwira ntchito ya m'nyumba ku Primrose. Ukwati anamangira konkuno, ndipo nkhoswe ya kuchikazi inali amalume ake a Edna, a Douglas, amene anabwera ku Joni kalekale n'kumanga nyumba ya njerwa ku Duduza. Mwana anabadwa wamkazi, anamutcha Ufulu. Abale inu, a Zakeyu ndi mwana ameneyu! Akaweruka m'mawa, maso ali psuu ndi tulo, ankayamba kumusambitsa, kumuphikira phala, kumunyamula paphewa mpaka ku kireshi, sukulu ya mkaka ija. Tsitsi anaphunzira kumumanga okha, ngakhale mizere yake inkakhota ngati njira za ku Makause. Edna ankanyamuka kusanache, ndiye mwanayo anakulira m'manja mwa bambo ake.

Ufulu ali ndi zaka zinayi, mayi ake a Edna, aNambewe, anabwera kudzaona mdzukulu komanso kudzaonetsa bondo lawo kuchipatala. Mkamwini wawo anali asanamuonepo. A Zakeyu anawamangira kachipinda ka malata pa mzere wakutsogolo kwathu, anaikamo bedi ndi kapeti. Tsono kwathu mukudziwa, mkamwini ndi apongozi aakazi sayang'anana kumaso, sadyera pamodzi, salankhulana mwachindunji mpaka akuluakulu atawamasula. ANambewe anali a mwambo weniweni, ndipo anati zomasulanazo zidzachitikira kumudzi, osati pa dziko la eni.

Kumudzi kupewana n'kosavuta, tchire ndi lalikulu. Yesani kupewana ndi apongozi pa kanjira koti anthu awiri amadutsana chammbali. Ndinawaonapo a Komanda athunthu, nsapato zopolisha, akudumphira m'ngalande ya madzi onunkha chifukwa aNambewe atulukira ndi chidebe. Tsiku lina anadzipanikiza pakati pa mikhukhu iwiri mpaka batani kuthothoka. Moni ankadutsira mwa mwana. "Ufulu, kawauze agogo kuti ife tadzuka, kaya iwo." Agogowo ali pomwepo, akumva, n'kuyankhira khoma kuti uwauze bambo akowo kuti bondoli lero lachitako bwino. Azulu ankandifunsa kuti anthu awiriwa analakwirana chiyani. Ndinkawauza kuti kumeneko ndiye kukondana kwake, ndipo sindinkanama. ANambewe ankandiuza tili awiri kuti mwana wawo anatola mwamuna.

Linali Lachiwiri masana, mwezi wa Ogasiti, mphepo ija imanyamula fumbi la m'migodi n'kukuthira m'mano. Edna anali kuntchito, Ufulu anali ndi ine pa chiwaya chifukwa kireshi inali yotseka, a Zakeyu anali mtulo. Tinamva kukuwa kumtunda, kenako utsi wakuda. Ndisanazimitse n'komwe mbaula yanga, wezulo unali ukulira, a Zakeyu ali panja ndi vesiti, opanda nsapato. Anakwera pa mgolo, anayang'ana utsi, anayang'ana kumene mphepo ikulowera, n'kuloza mzere wakutsogolo kwathu. Anyamata anamwazikana kutulutsa anthu ndi kukola ngowe m'madenga.

Bothwell, mnyamata wobadwira ku Zimbabwe koma makolo ake ndi a kwathu, ndiye anabwera akuthamanga.

"A Komanda, chipinda cha agogo n'chokhoma mkati. Akuti akusamba."

Kuno timasambira m'nyumba, m'beseni. Ndinamusiya Ufulu m'manja mwa mayi wina kumsewu n'kuwatsatira. A Zakeyu anafika pakhomopo, ndipo mukhulupirire, anatembenuka n'kupereka msana ku chitseko, wezulo uli pakhosi.

"A Sabina, auzeni kuti moto wafika."

Ndinamenya chitseko. "ANambewe, tulukani momwe mulirimo, tikupsa."

"Ndikuvala," anayankha mkatimo. "Auzeni bambo a Ufulu achoke pakhomopo. Ndituluka bwanji iwo ali pamenepo?"

A Zakeyu anasuntha, anakaima kuseri kwa mkhukhu wina. Chitseko osatseguka. Gogoyo ankamva mawu a amuna panja, ankalimbana ndi bondo, ankafunafuna mpango, ndipo sankadziwa kuti moto wa kuno suyenda ngati wa kumunda. Mpongozi akudikira mkamwini achoke, mkamwini akudikira mpongozi atuluke, ulemu wokhawokha, uku zidutswa za pulasitiki woyaka zikugwera padenga. Ndinaona nkhope ya a Zakeyu ikusintha. Ndikudziwa amene ankamuona pa chitseko chimenecho, chifukwa inenso ndinamukumbuka.

Anabwera n'kuchimenya theche kamodzi, chitseko n'kugwera mkati.

"Tulukani. Panopa."

ANambewe anali pa kireti, chitenje chokha m'chifuwa, thovu la sopo lili m'mapewa. Ataona kuti ndi mkamwini anatembenukira kukhoma n'kudziphimba kumaso, osadzuka. A Zakeyu analowa, anawanyamula ngati mwana, n'kutuluka nawo. Anadutsa nawo pakati pa anthu mpaka kumsewu, chitenje chikutsetsereka, ine ndikuthamanga pambali kuwafunditsa changa. Anawakhazika pansi, sanawayang'anenso, anabwerera akuthamanga ndipo tinamva ali uko, "Gwetsani."

Pamsewupo panali achinyamata ndi mafoni awo m'mwamba, akujambula. Anthu ena Mulungu awakhululukire, ine sindinathebe. Dzuwa lisanalowe kanemayo anali atafika ku Linthipe.

Ndiyeno mphepo inatembenuka. Moto unakhotera kumadzulo, unadya mikhukhu ya kumeneko n'kukathera ku dzala. Pa mzere umene anagwetsa sunafike, unatsala mizere iwiri. Kachipinda ka aNambewe kakanasiyidwa kakanakhala chilili, ndipo gogoyo akanamaliza kuvala n'kutuluka ndi mpango wake kumutu. Amene amadziwa zonse moto ukazima anayamba pomwepo kunena kuti a Komanda anapupuluma.

ANambewe anagona kwanga masiku amenewo. Chakudya ankangochiyang'ana. Foni ya Edna inkalira usana wonse, abale a kumudzi kufunsa kuti zimene taonazi n'zoona, mkamwini kunyamula apongozi ali chomwecho? Gogoyo anandiuza chinthu chimene chinandilasa. Anati, "Mwana wanga, kupsa ndikanapsa kamodzi. Izi ndizipsa nazo tsiku lililonse ndikamapita ku chigayo." Musawaone ngati munthu woipa. Zaka zonse za moyo wawo anadzisunga, ndipo ulemu umenewo unathera pa msewu wa ku Joni, pamaso pa ana a eni.

Mlandu unakakambidwa Lamlungu kwa a Douglas ku Duduza. Ine ndinapita ngati mboni. A Zakeyu anatenga nkhuku ziwiri zamoyo, bulangete ndi chitenje chatsopano, ndipo anagwada pakhomo la pabalaza, mutu pansi. ANambewe anakhala pa mphasa atayang'ana kukhoma, Edna pambali pawo. A Douglas si munthu wankhanza. Anayamba ndi kuthokoza kuti mlongo wawo ali moyo. Kenako anafika pa nkhani.

"Mkamwini, nkhukuzi tilandira. Koma kumudzi agwirizana ziwiri. Munene pano, mlongo wangayu akumva, kuti zimene munachitazo simudzachitanso. Ndipo wezulo uja mukabweze, chifukwa munthu akauvala sadziwanso mpongozi. Mukakana, mwanayu ndi wa mbumba yathu, mukudziwa. Sangakulire pa malo a moto, m'manja mwa bambo amene mwambo wamuchoka. Apita ndi agogo ake."

Ndinawayandikira a Zakeyu n'kuwanong'oneza kuti ingonenani abambo inu, gogoyu akupita kwawo, adzabweranso liti kuno? Wezulo mumupatse Bothwell mwezi umodzi, fumbi likatsika mudzautenganso. A Zakeyu analankhula kwa a Douglas akuyang'ana simenti.

"Amalume, kuwaona ndinawaona, kuwagwira ndinawagwira. Manyazi amene ndawadyetsa ndi aakulu, ndipo ndipepesa mpaka tsiku la imfa yanga. Mukafuna mbuzi ndigula, mukafuna ndikagwade ku Linthipe pamaso pa mudzi wonse ndipita. Koma moto ukadzabweranso iwo ali mkati, ndidzathyolanso chitseko."

"Ndiye mwabwera kudzapepesa kapena kudzatiopseza?" anafunsa a Douglas.

"Ndabwera kudzanena zoona. Ndikalonjeza pano, tsiku limenelo ndidzaima pakhomo la munthu n'kuyamba kuganiza za lonjezo langa. Ndinaimapo kale pakhomo n'kumaganiza, tinaika maliro. Wezulo nawonso si wanga, anandipatsa ndi anthu a ku Makause. Akaufuna adzandivula okha."

"Motowo sunafike n'komwe."

"Sunafike. Koma pamene ndinkaloza mzere uja mphepo inali isanandiuze kuti itembenuka."

A Douglas anapukusa mutu n'kunena kuti mkamwini asamakule mwendo. Ine ndinayang'ana Edna, ndikuyembekeza kuti aimirira n'kumenyera mwana wake. Anali akulira mwakachetechete. Atafunsidwa anati mayi ake sangawakane, ndipo anawonjezera zimene sindinkazidziwa. Anati tsiku la motolo anaona utsi ali pa windo la abwana ake ku Primrose, anathamanga njira yonse osadziwa ngati Ufulu ali moyo, ndipo watopa kuthamanga choncho. Pamenepo ndinadziwa kuti a Zakeyu atsala okha.

Ulendo unakonzedwa wa Loweruka la sabata yachiwiri, a Douglas atayendetsa makalata a mwana. Masiku amenewo ine ndinawadya a Zakeyu osawasiya. Ndinkawadikira pampopi, ndinkawalankhula kudzera pa lata lathu lija. Ndinawauza kuti ndinu munthu wanji inu, anthu amanama tsiku lililonse kuti apeze ntchito, kuti apolisi awasiye, inu mukulephera kunama kamodzi chifukwa cha mwana wanu? Makause yemweyu amene akukunenani miseche ndiye mukumufera? Tsiku lina anandiyankha.

"A Sabina, mukadzakhala ndinu mkatimo, mudzafuna panja paime munthu wotani?"

Ndinawauza kuti asandifunse zopusa, n'kulowa m'nyumba. Yankho ndinali nalo koma sindinafune kuwapatsa.

Anapempha tchuthi kuntchito. Anamuchapira Ufulu zovala zonse n'kuzisita ndi simbi yanga ya makala. Anamugulira nsapato mapeyala awiri, zina zomukwana, zina zokulirapo za chaka chamawa. Ankamuuza za mbuzi za agogo, za mango, za mtsinje wa Linthipe umene iwo eni sanauonepo, mpaka mwanayo ankafunsa m'mawa uliwonse kuti tinyamuka liti. Palibe anamuuza bwinobwino kuti akuti tinyamuka, bambo ake mulibemo.

Galimoto inali ya anyamata aja amanyamula anthu ndi katundu kupita kumudzi, minibasi yokoka ngolo. Inaima pamsewu wa ku Primrose m'mawa, ngolo itadzaza kale ndi mafiriji ndi njinga. ANambewe anakwera poyamba n'kukhala mbali ya uko, nkhope ku windo lina. Ufulu anali ndi diresi lachikasu, tsitsi lomangidwa ndi bambo ake, akudumphadumpha. Atafika pa chitseko anatembenuka.

"Adadi, tiyeni."

"Ine nditsala, mama. Ndidzabwera pa Khirisimasi."

Mwanayo anawayang'ana, anayang'ana mayi ake amene anali atayamba kale kulira, ndipo anamvetsa. Anathamanga n'kukumbatira mwendo wa bambo ake, manja ndi miyendo yomwe. Edna anayesa kumunyengerera, anakana. Ine ndinamulonjeza magwinya thumba lonse, anakana. A Douglas atayesa kumukoka anakuwa mpaka anthu a pa sitandi ya matekisi anatembenuka. Dalaivala anayamba kuliza hutala, akuti malire a dziko ndi kutali.

A Douglas anamusiya mwanayo n'kuima pafupi ndi a Zakeyu. Analankhula motsitsa, ndipo ndikhulupirira kuti nawonso zinkawawawa.

"Mkamwini, sikunade. Mawu aja okha. Ndikawauza achemwali pawindopo, chikwama cha mwanayu titsitsa."

"Bambo a Ufulu," anatero Edna.

Ine ndinkapemphera chamumtima kuti Ambuye, munthu uyu mumuthyole lero lokha. A Zakeyu anaika dzanja pamutu pa mwanayo. Kenako anati, "Sindingathe, amalume," ndipo anagwada pa fumbi pomwepo. Anayamba kumasula zala za Ufulu chimodzichimodzi, iye akugwiranso, iwo akumasulanso, akumuuza kuti mama, mama, tamvera. Sizinathandize. Akanapitiriza choncho, anyamata a galimoto akanabwera kudzamunyamula mokakamiza, ndipo mmodzi anali atayamba kale kuyandikira.

A Zakeyu anamuimika mwanayo patsogolo pawo, anamugwira mapewa, n'kutulutsa mawu aja timawamva utsi ukakwera.

"Ufulu. Kwera."

Kulira kunadukira pakhosi. Mwanayo anali asanawamvepo mawu amenewo akulunjika kwa iye. Anawayang'ana bambo ake ngati munthu amene wakumana naye koyamba, anabwerera m'mbuyo, anatembenuka n'kukwera yekha, wopanda womugwira dzanja. Anakhala pambali pa agogo ake, manja pa maondo. ANambewe, amene nthawi yonseyi anali atayang'ana kwina, anamugwira chibwano n'kuyesa kumutembenuzira ku windo la kumene kunali bambo ake. Ufulu anaumitsa khosi. Galimoto inanyamuka akuyang'anabe kutsogolo.

Edna sanawalankhule amuna ake mpaka mvula yoyamba. Panopa amalankhulana, amapitira limodzi ku tchalitchi, koma nyumba ija ili zii, ndipo ine wa kuseri kwa lata ndimadziwa. Pa Khirisimasi sanapite, kuntchito anawakaniza tchuthi chachiwiri, akuti mwina pa Isitala. Wezulo akadali nawo. Pa msonkhano wotsatira anauika pa mgolo n'kufunsa ngati pali wina woufuna, anthu anayang'ananso pansi, kuphatikizapo aja a pakamwa.

Lamlungu lililonse tikaweruka ku tchalitchi Edna amaimba foni ku Linthipe. Ufulu amacheza ndi mayi ake za mbuzi imene yaswa, za anzake, za dzino limene likugwedera, mawu ake amamveka mpaka kwanga. Kenako Edna amati dikira, ulankhule ndi adadi. A Zakeyu asananene kalikonse mwanayo amati, "Ndamva, adadi." Iwo amamufunsabe za mbuziyo, mtundu wake, dzina lake, ngati ikuyamwa bwino, iye n'kumayankha inde, ayi, inde. Saidula foniyo mpaka mayunitsi atha.